Pass ya Interrail kapena matikiti apaokha? Werengetsani kaye musanatulutse ndalama

Funso ili limabwerabwera pakati pa ife amene tili ku UK, ku Ireland ndi ku Germany kuno, makamaka holide ya Julayi ndi Ogasiti ikamayandikira. Munthu akufuna aone maiko atatu kapena anayi paulendo umodzi, ndiye wamva zoti kuli chinachake chotchedwa Interrail, tikiti imodzi yokwera nayo sitima paliponse ku Ulaya. Agule imeneyo kapena azingogula tikiti ya ulendo uliwonse payokha? Ine maganizo anga ndi oti ambiri a ife pass sitikuyifuna ayi, koma alipo ena amene imawapulumutsira ndalama zambiri zedi, nde nkhani yagona podziwa kuti inuyo muli mbali iti, ndipo zimenezo simungadziwe pongomva kwa mnzanu amene anapita chaka chatha, pamafunika pepala, cholembera ndi madzulo amodzi pa intaneti basi.

Tiyambe ndi yoti mugule iti, chifukwa zilipo ziwiri. Interrail ndi ya anthu okhala ku Ulaya, Eurail ndi ya ochokera kunja. Kwa ife amene pasipoti yathu si ya ku Ulaya amayang'ana komwe mukukhala, ndiye ngati muli ndi pasipoti ya Malawi koma muli ndi mapepala okhalira ku Leeds kapena ku Dublin, yanu ndi Interrail. Mukachokera ku Lilongwe, ku Lusaka kapena ku Joni kudzangoyenda, yanu ndi Eurail. Kale zinali zosiyana ndithu, Eurail inayamba mu 1959 ndipo Interrail inadzabwera mu 1972 ngati ya achinyamata okhaokha, koma masiku ano sitima zake ndi zomwezo, app yake ndi imodzi yomweyo ya Rail Planner, ndipo ija amati Global Pass imagwira m'maiko 33, kuphatikizapo UK, Ireland, Switzerland mpaka Turkey.

Pass imagulitsidwa potengera masiku okwera sitima, osati mtunda. Pali ya masiku 4, 5 kapena 7 oti muwagwiritse ntchito mkati mwa mwezi umodzi, ya masiku 10 kapena 15 mkati mwa miyezi iwiri, kenako pali ina yosadukiza ya masiku 15, masiku 22, mwezi, mpaka miyezi itatu. Tsiku limodzi limayamba pakati pa usiku kulekeza pakati pa usiku winawo, ndipo mkati mwakemo mutha kukwera sitima kaya khumi, palibe akufunseni. Zili ngati bando ya data ya mwezi, imatchipa kwa munthu amene aimalizedi, koma ngati inu ndi wa WhatsApp yokha mwangopatsa kampani ndalama zaulere.

Tsopano masamu oyamba, ndipo ndi osavuta. Tengani mtengo wa pass mugawe ndi masiku ake. Pa mitengo ya 2024, ya munthu wamkulu mu second class, ya masiku 4 inali ma euro 283, ndiye kuti tsiku limodzi likukwana pafupifupi 71. Ya masiku 7 inali 381, tsiku likubwera pa 54. Ya masiku 10 inali 447, pafupifupi 45 patsiku. Mitengo imasintha nde muyang'ane ya lero, koma mwaona kale mmene zikuyendera eti, pass yaifupi ndi yodula patsiku, yaitali ndi imene imatsika. Amene sanakwanitse zaka 28 amachotseredwa pafupifupi kota, ya masiku 4 ija kwa iwo inali 212, azaka 60 kupita mtsogolo nawonso amachotseredwa pang'ono, ndipo ana azaka 4 mpaka 11 amayenda ulere ndi wamkulu amene ali ndi pass, ana awiri pa wamkulu mmodzi. Makolo musachiphonye chimenechi, banja la ana awiri masamu ake amatembenuka pompano.

Nambala ya patsiku imeneyo ilembeni pamwamba pa pepala. Funso lonse tsopano ndi lakuti, kodi ulendo wa tsiku lililonse, nditagula tikiti wamba, ungadutse nambala imeneyi?

Koma dikirani kaye, pali chinthu chimene otsatsa pass sachinena mokweza, ndipo ndi pamene anthu ambiri amalira. Pass si mpando. M'maiko ena sitima zothamanga sumangokwera, umayenera kubukitsa mpando ndipo umalipira padera ngakhale pass uli nayo m'manja. France, Italy ndi Spain ndiwo akatundu pa zimenezi. TGV ya mkati mwa France amakutchajani ma euro 10 kapena 20 pa sitima iliyonse, Frecciarossa ya ku Italy ndi cha m'ma 13, AVE ya ku Spain cha m'ma 10, ndipo zodutsa malire ndiye zoluma kwambiri, TGV yochoka ku Paris kupita ku Barcelona kapena ku Milan mpando wokha umafika m'ma 30. Eurostar, sitima yochoka ku London St Pancras kupita ku Paris kapena ku Brussels, nayonso ndi ma euro 30 ndi kupitirirapo ulendo umodzi, kubwerera mulipirenso. Ndipo vuto si ndalama zokha ayi, pa Eurostar mipando ya anthu a pass ndi yowerengeka, ikatha yatha, ngakhale sitimayo ikadali ndi malo ogulitsa kwa anthu ena. Lachisanu madzulo mu Ogasiti mutha kupezeka muli ndi pass yanu yabwinobwino mu foni koma palibe Eurostar yokutengani, nde ufulu uja munagulawu uli kuti.

Kwina zinthu ndi zofewa. Ku Germany, Austria, Switzerland, Netherlands ndi Belgium sitima zambiri mumangofika pa pulatifomu nkukwera. Ku Germany kubukitsa mpando mu ICE, sitima yawo yothamanga, ndi kufuna kwanu, ndi ma euro asanu ndi kenakake, kungoti nthawi ya holide sitima zina zodutsa malire amazikakamiza. Uku ndi kumene pass imakoma. Mwadzuka ku Cologne kunja kukugwa mvula, mwasintha maganizo, mwakwera ya ku Basel, palibe chotaya.

Dziwaninso kuti si sitima iliyonse imene imailandira. Italo ya ku Italy ayi, Ouigo ayi, metro ndi tram za m'mizinda ayi. Ku Paris mukatsika pa Gare du Nord nkumafuna kukakwera ina pa Gare de Lyon, kaulendo ka pakatipo mugule tikiti yake, ndipo mudzisiyire ola lathunthu kapena kuposa, ndi zikwama si pafupi.

Ndiye chitani chonchi. Lembani ulendo wanu wonse mzere ndi mzere, tsiku, kochokera, kopita. Tsegulani webusayiti ya kampani ya sitima ya dziko limene mukunyamukira, DB ya ku Germany, ÖBB ya ku Austria, ČD ya ku Czechia, SNCF Connect ya ku France, Trenitalia ya ku Italy, muike masiku enieniwo ndipo mulembe mtengo umene ukuoneka lero pa sitima imene mungakweredi, osati ija ya 5 koloko m'mawa yotchipa imene mukudziwa mumtima kuti simudzadzuka. Mawebusayiti a Trainline ndi Omio ndi abwino poonera zonse pamodzi koma nthawi zambiri amaikapo kakomishoni kawo, nde kuonera onerani kumeneko, kugula mukagule kwa eni sitima. Mbali inayo ya pepala lembani mtengo wa pass, muonjezere mipando yonse yokakamiza ija. Phatikizani uku, phatikizani uko. Kusiyana kukakhala kochepa, tinene ma euro 30 kapena 40, ine ndingatenge pass chifukwa cha mtendere wa mumtima. Kukakhala 100 kupita mtsogolo, palibenso zokambirana.

Tione maulendo enieni. Wotchuka kwambiri ndi uja wa Berlin, Prague, Vienna, Budapest. Berlin kupita ku Prague ndi maola anayi ndi pang'ono, njanji yake imatsata mtsinje wa Elbe mukangodutsa Dresden, matanthwe ataliatali tsidya linalo, khalani pa windo la kumanzere ngati mukulowera ku Prague. Prague kupita ku Vienna pa Railjet ndi maola anayi, Vienna kupita ku Budapest ndi maola awiri ndi mphindi 40. Mukagula kudakali masabata angapo, tikiti iliyonse mwa atatuwa imapezeka pakati pa ma euro 20 ndi 40, nthawi zina kutsika kuposa apo. Onse pamodzi mwina 100, pamene pass yaing'ono kwambiri inali 283 mu 2024 ndipo tsiku limodzi likutsalirani osaligwiritsa ntchito. Apa pass ndi kungotaya ndalama, ndipo kulowera kummawa konseko, Poland, Slovakia, Hungary, Romania, matikiti ndi otchipa kale ngakhale ogula pa windo tsiku lomwelo.

Wina ndi wa London, Paris, Milan, Rome. Pass 283, Eurostar kupita ndi kubwera kuposa 60, TGV ya ku Milan 30 ndi kenakake, Frecciarossa 13, mwatsala pang'ono kugunda 400 musanaganize nkomwe zoti mubwerera bwanji kuchoka ku Rome ndi tsiku limodzi lotsalalo. Mukagula msanga matikiti apaokha, Eurostar imayambira cha m'mapaundi 40 mpaka 50, Milan kupita ku Rome Trenitalia ndi Italo amalimbirana makasitomala ndiye mitengo imagwa. Munthu wokonzekera miyezi iwiri kapena itatu isanafike nthawi amawina ndi matikiti. Koma mukachedwa, kwatsala sabata imodzi, Eurostar yomweyo imadutsa mapaundi 150 ulendo umodzi, ndipo pamenepo pass imayamba kuoneka bwino, bola mpando wa pass upezeke. Choncho yang'anani kaye ngati mpando ulipo tsiku lanulo musanalipire pass, osati mutalipira kale.

Pamene pass imawina mosakayikitsa ndi ulendo wautali wa masiku 7 kapena 10 okwera sitima, wodutsa Germany, Switzerland, Austria ndi Netherlands, kwa munthu amene sakufuna kumangidwa. Tikiti ya ICE yogula tsiku lomwelo kuchoka ku Berlin kupita ku Munich imadutsa ma euro 140. Ku Switzerland ndiye musanene, Zurich kupita ku Geneva kokha ndi pafupifupi ma franc 90, dziko laling'ono koma sitima zake zimadya thumba. Ndi pass ya 45 kapena 54 patsiku mwapha mbalame yonona pamenepo. Kanzeru kamodzi kokuthandizani uko: Bernina Express yochoka ku Chur kukafika ku Tirano imafuna kubukitsa mpando wodula, koma pa njanji yomweyo pamadutsa sitima wamba zofiira za anthu akumaloko, mapiri omwewo, madzi oundana omwewo, mlatho wozungulira wa ku Brusio womwewo, ndipo ndi pass simulipira kanthu, kungoti mumasintha sitima panjira.

A ku UK pali kabonasi kanu. Interrail siigwira ntchito m'dziko lomwe mukukhala kupatula ulendo umodzi wotuluka ndi umodzi wobwerera, koma ulendo wotulukawo utha kuyambira kwanu kwenikweni. Wa ku Glasgow kapena ku Manchester akwera sitima mpaka ku London, nkukwera Eurostar tsiku lomwelo, zonse pa tsiku limodzi la pass, ndipo aliyense wokhala kuno akudziwa mmene matikiti a ku UK amawawira. Zimenezo muziike pa pepala paja. A ku Dublin ambiri mudzangokwera ndege kukayambira ku Brussels kapena ku Berlin, nde kabonasi aka sikakukhudzani kwenikweni.

Tsopano nkhani imene azungu olemba za Interrail saiganizira nkomwe chifukwa iwo sawavuta, viza. Pasipoti ya Malawi imafuna viza ya Schengen, viza imodzi yolowera maiko ambiri a ku Ulaya amene anachotsa malire pakati pawo, ndipo kukhala ndi mapepala a ku UK kapena a ku Ireland sikukuchotserani zimenezo poti maiko awiriwa sali mu Schengen. Viza ndi ma euro 90 kuyambira mu Juni 2024, kuphatikiza ya ma ejenti olandira mafomu, kuphatikizanso inshuwalansi yotha kukulipirirani zosachepera ma euro 30,000 mukadwala paulendo. Mumakapempha ku embase ya dziko limene mukakhalitse masiku ambiri, ndipo amafuna kuona ndondomeko ya ulendo, mukagona kuti usiku uliwonse, mulowa liti, mutuluka liti. Mwaona pamene pali nkhani? Chimene pass imagulitsa kwenikweni ndi ufulu wodzuka m'mawa nkusankha kopita, koma ife ufulu umenewo embase yatidula kale, mahotela tabukitsa, masiku ndi owerengeka pa sitika ija ya mu pasipoti. Ngati mukudziwa kale kuti pa 12 mugona ku Prague ndipo pa 15 ku Vienna, mukulipiriranji ufulu woti simuugwiritsa ntchito? Ichi ndi chifukwa chachikulu chimene ndimanenera kuti ambiri a ife matikiti apaokha ndiwo atiyenera. Amene ali ndi pasipoti ya UK kapena ya Ireland, kapena mapepala okhalira ku Germany ndi maiko ena a Schengen, awo nkhani yawo ndi ina.

Ndipo samalani, mapu a pass ndi mapu a Schengen si amodzi. Serbia, Bosnia, Montenegro, North Macedonia ndi Turkey pass imagwira koma si Schengen, ali ndi malamulo awoawo olowera, ndipo ngati viza yanu ndi yolowa kamodzi, mukangotuluka basi yatha, simubwereranso. Wochokera ku Malawi ndi Eurail asaganize kuti poti UK ili pa pass ndiye akwera Eurostar kukaona achibale ku London, pa Gare du Nord pomwepo pali a imigireshoni a UK ndipo opanda viza yawo sadutsa.

Matikiti otchipa nawo ali ndi minga yake, ndisakunamizeni. Sparpreis ya DB kapena Sparschiene ya ÖBB imakumangirirani ku sitima imodzi, ya ola lakutilakuti, mukaiphonya chifukwa munachedwa kudzuka tikiti yafa, mugule ina pa mtengo wa tsiku lomwelo. Kubweza ndalama pa zotchipitsitsa kulibe. Kukakhala kuchedwa kwa sitima yawo ndiye zina, ku Germany zikaoneka kuti mukafika mochedwa ndi mphindi 20 kapena kuposa amakumasulani kukwera ina, ndipo lamulo la EU limati akubwezereni kota ya mtengo mukachedwa ola limodzi, theka mukachedwa maola awiri. Koma chitetezo chimenechi chimalimba ngati ulendo wonse uli pa tikiti imodzi. Mukadula ulendo pawiri, tikiti ina kwa DB ina kwa SNCF, yoyamba nkuchedwa, wachiwiriyo atha kukuuzani kuti si vuto lake. Ndiye poti sitima za ku Germany masiku ano kuchedwa ndi chizolowezi, musaike mphindi 10 pakati pa matikiti awiri osiyana, ikani ola, mukamwe tiyi pa siteshoni.

Sitima za usiku, monga Nightjet ya ÖBB, pa pass zimadya tsiku limodzi lokha, lonyamukira, bola musasinthe sitima pakati pa usiku patadutsa. Bedi mumalipira padera ndipo amatha msanga kwambiri, nthawi zina mtengo wa bedi pa pass ndi tikiti yonse yogula msanga sizisiyana kwenikweni, nde apanso yerekezani.

Njira imene anthu ozolowera amachita ndi kusakaniza. Gulani pass yaifupi ya masiku odula okhaokha, kwinako matikiti wamba. Osawotcha tsiku la ma euro 70 pa kaulendo ka Vienna kupita ku Bratislava ka ola limodzi, kapena Brussels kupita ku Bruges, kapena Florence kupita ku Pisa, amenewo gulani pa makina a pa siteshoni. Ku Luxembourg sitima za second class ndi zaulere kuyambira 2020. Ku Germany kuli Deutschlandticket imene inayamba mu Meyi 2023 pa ma euro 49 pamwezi, inakwera kufika 58 mu 2025, imakukwezani sitima zonse zapafupi, mabasi ndi metro dziko lonse koma osati ICE kapena IC, ndipo ndi sabusikiripishoni, mukapanda kuiletsa pofika pa 10 adzakudulaninso mwezi wotsatira. Ku Italy tikiti ya pepala ya sitima wamba muidinde pa kamakina ka pa pulatifomu musanakwere, kondakitala wa kumeneko samva zoti ndinu mlendo.

Ngati masamu akuuzani kuti pass, kagwiritsidwe kake nkosavuta koma pali pogwera pamodzi. Mu Rail Planner mumasaka sitima yanu, kuiika mu My Trip, kenako kukankha kabatani koiyatsa kuti ilowe pa tikiti ya tsikulo, ndipo izi zichitike musanakwere. Kondakitala akafika mumamuonetsa QR code ndi pasipoti. Sitima imene simunaiyatse ndiye kuti mulibe tikiti, chindapusa chake ndi chomwecho cha munthu wozemba. Mukasintha maganizo pa pulatifomu, chotsani iyo muike inayo, ndi masekondi ochepa. Foni ikazima tikiti yazimanso, nde pawa banki ikhale m'thumba osati pansi pa sutikesi, ndipo app imafuna kulumikizidwa pa intaneti pafupipafupi kuti pass isatsekeke, a ma SIM a ku UK funsani kaye za roaming poti ambiri anayambanso kutchaja.

Za nthawi yogula, matikiti apaokha amatsegulidwa miyezi ingapo ulendo usanafike ndipo otchipa ndi amene amayamba kutha, pamene pass mtengo wake susintha kaya mwagula lero kaya mawa lake mukunyamuka. Imatsika pa seli basi, kawirikawiri cha mu Novembala ndi kumayambiriro kwa chaka, ndipo mukagula muli ndi miyezi 11 yoti muiyambe. Koma wodikira viza asathamangire seli, werengani kaye malamulo obwezera ndalama a pass ya pa seliyo chifukwa sakhala ofanana ndi a nthawi zonse, ndipo matikiti osabweza aja musawagule viza isanatuluke pokhapokha embase itachita kuwafuna. Ochokera kumudzi, ndi mmene forex ikuvutiramu, khadi ya banki ikhoza kukana pakati pa kugula matikiti asanu ndi limodzi osiyanasiyana, ena mu euro, ena mu koruna ya ku Czechia, ena mu forint ya ku Hungary, ndiye ngati muli ndi m'bale kunja kuno mutumizireni pepala lanu lija agule ndi khadi yake tsiku limodzi, maina alembe ndendende mmene alili mu pasipoti.